Kodi Nkhuku Ingapse M'mphindi Zisanu?

Kwathu kuno nkhuku ndi ndiwo yaulemu. Imazingidwa kukabwera alendo, pa Khirisimasi, pachinkhoswe, kapena mwana akakhoza mayeso. Ndiye ukauza anthu kuti pali kaphikidwe koti Lachitatu madzulo, utaweruka kuntchito ndi kulimbirana minibasi, ukhoza kuika nkhuku ndi masamba patebulo lisanathe theka la ola, ambiri amapukusa mutu. Kaphikidweko kanachokera ku China, ndipo m'malesitilanti amakatchula stir-fry. Nyama ndi masamba zimadulidwa tizidutswa ting'onoting'ono n'kukazingidwa mofulumira m'mafuta ochepa pamoto waukulu, dzanja losapuma kutakasa. Zokayikira zimene anthu amanena pa kaphikidweka si zopanda mutu ayi. Pafupifupi chilichonse chili ndi kumene chinachokera, ndipo kumeneko chinali choona.

Choyamba chimene aliyense amanena n'chakuti nkhuku imafuna moto wautali. Uyambe waiwiritsa mpaka madzi aphwere, uikazinge m'mafuta ake omwe, kenako uthire anyezi ndi tomato n'kuisiya ibwate pang'onopang'ono. Kupanda kutero, akuti, mano awawa. Amene anatiphunzitsa zimenezi sananame. Nkhuku imene ankaidziwa inali yachikuda, yoyenda tsiku lonse kupalasa kudzala ndi kuthamangitsa ziwala, yophedwa itakwanitsa chaka kapena kupitirira. Tambala wotere minofu yake ndi yogwira ntchito, yokulungidwa ndi timitsempha tolimba timene timasungunuka pokhapokha tikawira nthawi yaitali m'madzi. Tikasungunuka ndi timene timapatsa msuzi wa nkhuku yachikuda kukoma kwake kuja, ndipo ndi chifukwa chake msuziwo ukagona umagwirana. Nkhuku imeneyo mutaidula n'kuikazinga mphindi zisanu, mungaitafune mpaka nsima itazizira.

Koma nkhuku imene ambiri a m'tauni timagula masiku ano, kaya youma ya m'firiji ya kusitolo kaya yoyera yamoyo ya pamsika, ndi mbalame ina. Mabroila amaphedwa ali ndi masabata 6 kapena pafupi pamenepo. Sanayendepo mtunda uliwonse, ndipo timitsempha tawo n'tanthete. Mukaiwiritsa ola lathunthu, madzi a m'minofu amafinyika n'kutuluka, chidali chimauma n'kumanyenyeka ngati thonje, ndiye tonse n'kumagwirizana kuti nkhuku zachizungu sizikoma. Mbali ina ya mlandu umenewu ndi ya kaphikidwe. Chotsani mnofu wa pachidali kapena wa pantchafu, muudule mopingasa ulusi wake, tizidutswa topyapyala kuposa chala chakankombaphala, ndipo pachiwaya chotentha bwino tipsa m'mphindi 4 kapena 5, tili tofewa ndi tonyowa. Ine ndimakonda ntchafu, chifukwa ili ndi mafuta ake ndipo siuma msanga mukachedwa kuiphula. Yachikuda isungireni Lamlungu, ikawire mwaulemu wake.

Tikangotchula mabroila, pamabwera mawu ena amene ndimawamva kwa anthu ophunzira ndi osaphunzira omwe: nkhuku zimenezi amazibaya jakisoni wa mahomoni, n'chifukwa chake zimafufuma choncho. Ndani angadabwe ndi maganizo amenewa? Munthu amene anakula akuona mwanapiye akutenga miyezi yambiri kuti afike poti n'kudyedwa, lero akuona wina wofungatidwa m'dzanja limodzi atasanduka chinkhuku cha makilogalamu awiri mwezi ndi theka usanathe. Amaonanso mlimi akuthira mankhwala m'madzi akumwa a nkhukuzo. Mtima umalumikiza ziwirizi mosavuta.

Chimene chimakuza mabroila ndi mtundu wake ndi chakudya chake. Kwa zaka zoposa 60 alimi a mbewu ya nkhuku akhala akusankha zokula msanga kuti ndizo ziswane, m'badwo ndi m'badwo. Akatswiri a pa University of Alberta ku Canada anaonetsa zimenezi poyera m'kafukufuku amene anatuluka mu 2014. Anaweta mitundu itatu ya nkhuku, wa mu 1957, wa mu 1978 ndi wa mu 2005, pa chakudya chofanana, popanda mahomoni. Patatha masiku 56, ya mu 1957 inkalemera magalamu pafupifupi 900, ya mu 1978 makilogalamu 1.8, ndipo ya mu 2005 inapitirira makilogalamu 4. Komanso homoni yokulitsa thupi singagwire ntchito itaikidwa m'chakudya, chifukwa imagayika m'mimba. Pangafunike kubaya nkhuku iliyonse mobwerezabwereza, zimene zingadye ndalama zoposa mtengo wa nkhukuyo. Zimene timaona zikuthiridwa m'madzi nthawi zambiri ndi mavitamini kapena katemera wa matenda monga chitopa, amene ngakhale nkhuku zachikuda zimalandira. Nkhawa yeniyeni ili pa maantibayotiki. Mlimi akapatsa nkhuku mankhwala amenewa, amayenera kudikira masiku olembedwa papaketi asanazigulitse, ndipo si onse amene amadikira. Apa ndiye pofunika kugula kwa munthu amene mumamudziwa ndi kumufunsa mosachita manyazi.

Tsopano nkhani yotsuka, imene ndikudziwa kuti ikhudza ambiri. Kuika nkhuku m'poto osaitsuka, kwa ife, ndi uve weniweni. Ena amatsuka kawiri katatu, ena amathira mandimu, viniga kapena mchere kuti tizilombo tife. Chizolowezichi chili ndi maziko olimba. Nkhuku yozinga pakhomo imaviikidwa m'madzi otentha, kusosoledwa, kuwaulidwa ndi kutumbulidwa, ndipo ikamafika pothera imakhala ndi magazi, timanthenga, mwaye, mwinanso za m'matumbo ngati mpeni unaphonya. Mayi amene angaphike nkhuku yotere osaitsuka angakhale wosasamala. Madzi amachotsadi zonyansa zooneka ndi maso.

Chimene madzi sangachite ndicho kupha tizilombo tosaoneka, monga Campylobacter ndi Salmonella, timene timatsegula m'mimba. Mandimu ndi viniga nazonso sizingadaliridwe pa ntchito imeneyi. Choopsa n'chakuti madzi othovokera pampopi amamwaza tizilomboti m'sinki, pambale zotsukatsuka, pazovala, ndi pa tomato amene ali pambali. Bungwe loona za chakudya ku Britain, la Food Standards Agency, linachita kampeni mu 2014 yopempha anthu kusiya kutsuka nkhuku yaiwisi. Mu 2019 unduna wa zaulimi ku America unaonerera anthu akuphika m'khitchini yoyeserera, ndipo mwa amene anatsuka nkhuku, 60 mwa 100 alionse anasiya tizilombo m'sinki. Chimene chimapha tizilomboti ndi moto. Ndiye nkhuku ya m'paketi yotuluka kale yoyera, ingoipukutani. Yozinga nokha itsukeni, koma m'beseni la madzi odekha, kutali ndi mbale, kenako mutaye madziwo bwino ndi kutsuka besenilo ndi manja anu ndi sopo. Pa kaphikidwe kathu aka nkhaniyi ndi yaikulu kuposa pa ndiwo zowiritsa, chifukwa masamba sakhalitsa pamoto. Yambani mwadula masamba onse n'kuwaika padera, nkhuku idulidwe pomaliza, ndipo mpeni ndi thabwa zisakhudzenso china chilichonse zisanatsukidwe. Kupukuta kuli ndi phindu linanso: nkhuku yonyowa ikagwera m'chiwaya imayamba kuwira m'malo mokazingika.

Ena amaweruza kupsa kwa nkhuku poona pafupa, ndipo akapeza kufiira amabweza mbale. Kusamala kumeneku n'kwabwino, pakuti nkhuku yosapsa imadwalitsadi. Koma nkhuku yaing'ono mafupa ake ndi osakhwima, ndipo mtundu wa m'mafupamo umatulukira kunja, makamaka ikakhala kuti inaumitsidwa m'firiji, moti imatha kuoneka yofiira pafupa itapsa kale. Muyezo weniweni ndi kutentha kwa madigiri 75 m'kati mwa nyama. Popeza ambiri tilibe choyezera, tizidutswa topanda fupa timatithandiza: tengani kachidutswa kakakulu pa tonse, mukadule pakati, ndipo ngati m'kati monse mwayera, mukutuluka nthunzi, mulibe ponyezimira mwauwisi, nkhuku yapsa.

Mkangano waukulu uli pa masamba. Muikireni munthu kabichi wobiriwira amene akumvekabe potafuna, adzakufunsani mwachikondi ngati mwamuyesa kalulu. Masamba akupsa, kwa ambiri, ndi ofewa kotheratu, oti ukapanira ndi mbamu ya nsima amatsata okha. Ndipo kuti afewe msanga, pamathiridwa kasoda, kapena chidulo kwa amene akadali nacho. Apanso makolo athu ankayankha funso lenileni la masamba amene anali nawo. Nkhwani uli ndi ubweya woyabwa ndipo umafunika kusadzulidwa ndi kuphikidwa ndithu. Mfutso ndi wouma, sungafewe popanda kuwira. Chigwada ndiye chosayesa n'komwe: masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka pokhapokha akasinjidwa ndi kuwiritsidwa mokwanira, ndipo palibe amene ayenera kuwakazinga mwachangu. Soda amafewetsa masamba msanga, zimene zimapulumutsa nkhuni, ndipo amawasiya obiriwira mokongola, ndiye maso amatsimikiza kuti zonse zili bwino. Palinso mantha a matenda. Masamba ambiri amachokera kumadimba kothiriridwa ndi madzi a mumtsinje, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023 imene inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Munthu amene amaphika masamba mpaka afeweretu akuteteza banja lake m'njira imene akuidziwa.

Koma kabichi, chainizi, repu, mpiru wanthete, kaloti, zitheba ndi tsabola wobiriwira, zimene zimadzaza misika ya ku Lizulu, ku Tsangano ndi ku Jenda, sizifuna zonsezo. Zikatsukidwa ndi madzi aukhondo, kudulidwa mopyapyala ndi kugwera m'chiwaya chotentha, zimapsa m'mphindi zochepa. Kumveka potafuna sikutanthauza uwisi. Ngati mukukayika, thirani masupuni awiri a madzi, muvundikire mphindi imodzi kapena ziwiri, nthunzi imalize ntchito. Zimene mumapindula ndi zambiri. Vitamini C amawonongeka ndi kutentha kwa nthawi yaitali ndipo amasungunukira m'madzi ophikira, amene kawirikawiri timakhuthula. Soda amamuwononga kwambiri, pamodzi ndi vitamini B1. Vitamini C yemweyu ndi amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba, ndipo m'dziko limene amayi ndi ana ambiri amavutika ndi kuchepa kwa magazi, imeneyi si nkhani yaing'ono. Zimandikhudza kuona mayi atagula masamba abwino ndi ndalama yovutikira, koma zabwino zake zina n'kuthera m'madzi otaya. Lamulo lake n'losavuta: zolimba zitsogole, zofewa zitsatire. Kaloti ndi zitheba poyamba, kenako anyezi, tsabola ndi mapesi a chainizi, ndipo masamba enieniwo pomaliza, angofota basi.

Chosangalatsa n'chakuti soda yemweyu ophika a ku China amamugwiritsa ntchito, koma pa nyama. Kotala ya supuni yaing'ono pa theka la kilogalamu ya chidali chodulidwa, n'kusiya mphindi 15, imapangitsa nyamayo kukhala yofewa ndi kusunga madzi ake pamoto. Mukachulutsa imamveka sopo m'kamwa, ndiye dzanja lipepuke.

Ndamvanso ambiri akuti kaphikidweka n'ka anthu a mbaula za gasi ndi chiwaya chozungulira pansi cha ku China chotchedwa wok. Amene anaonapo pa kanema wophika wa m'lesitilanti akuponya ndiwo m'mwamba malawi akulilima sangalephere kuganiza choncho, n'kuyang'ana kambaula kake ka makala ndi kugwa ulesi.

Koma anyamata okazinga tchipisi ndi nyama pachiwaya m'misika yathu amachita kale theka la luso limeneli tsiku ndi tsiku. Chofunika ndi chitsulo chachikulu pansi ndi moto wamphamvu, ndipo makala oyaka bwino, okupizidwa mpaka afiire, amatentha kuposa timbaula tambiri tamagetsi. Magetsi akazima madzulo, wa makala ndiye amene ali pabwino. Vuto limene limagwetsa ambiri ndi kudzaza chiwaya. Nyama imatulutsa madzi ikatenthedwa, ndipo madzi satentha kupitirira madigiri 100, pamene kufiirira kokoma kuja kumayamba bwino pa madigiri 140 kupita m'mwamba. Kusintha kumeneku anakufotokoza koyamba katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912. Mukathira nkhuku yonse kamodzi, chiwaya chimazizira, madzi amadikha pansi, ndipo mumapeza nyama yotuwa yowira m'madzi ake. Thirani yochepa, yoti kachidutswa kalikonse kakhudze chitsulo, muisiye mphindi imodzi osaigwira, kenako mutembenuze. Ikapsa iphuleni, mukazinge ina, kenako masamba, ndipo zonse zikumane pomaliza. Popeza moto sudikira munthu, chilichonse chikhale chodulidwa kale chiwaya chisanatereke. Nthawi yambiri ya kaphikidweka imathera pampeni, ndipo ana okulirapo akhoza kuthandiza kudula kaloti ndi kusadza zitheba mpunga uli pamoto.

Za mafuta pali maganizo awiri otsutsana. Ena amati chokazinga chilichonse chimamwa mafuta, ndipo ndi mitengo ya masiku ano botolo silingathe sabata. Ena, makamaka amene anachenjezedwa kuchipatala za kuthamanga kwa magazi kapena kunenepa, amaopa liwu lakuti kukazinga lenilenilo. Onsewa akuganiza za tchipisi ndi mandasi, zimene zimasambira m'mafuta.

Pano masupuni aakulu awiri amakwanira banja lonse, ndipo nthawi zambiri ndi ochepa kuposa amene timathira m'ndiwo za tomato. Mafuta ochepawa ali ndi ntchito yake, chifukwa vitamini A wochokera ku kaloti ndi masamba obiriwira thupi limamutenga bwino pakakhala mafuta. Mafuta a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza amapirira moto waukulu, pamene majarini amapserera msanga. Kumene ndalama imapulumuka kwenikweni ndi pa nyama. Theka la kilogalamu ya nkhuku yodulidwa bwino, yosakanizidwa ndi masamba ambiri, limakwanira anthu asanu. Mafupa, khosi, mapiko ndi msana zimatsala kuti ziwire mawa n'kukhala msuzi wina. Pali chinanso chimene ndimachikonda kwambiri. Nkhuku yoduladula ziwalo imagawidwa motsata ulemu, nthutumba ndi ntchafu kwa bambo ndi alendo, ana n'kutsalira zipalapasiro ndi khosi. Ikadulidwa tizidutswa n'kusakanikirana ndi masamba, chipande chilichonse chimatola nyama, ndipo mwana wamng'ono, amene thupi lake likuifunitsitsa, amapezako gawo lake popanda kupempha.

Palinso mphekesera yakuti zakudya za Chitchaina zimakoma chifukwa cha kamchere koyera kotchedwa MSG, ndipo kameneka kamadwalitsa mutu ndi mtima. Mantha amenewa sanayambire kuno. Mu 1968 dokotala wina wa ku America, Robert Ho Man Kwok, analembera kalata magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine kufotokoza kuti ankamva dzanzi ndi kufooka akadya m'malesitilanti a Chitchaina, ndipo anatchula MSG ngati chimodzi mwa zimene ankaganizira. Nyuzipepala zinaitola nkhaniyo n'kuifalitsa dziko lonse. Chinthu cha dzina la zilembo zitatu, chooneka ngati mankhwala, n'chosavuta kuchiopa.

MSG anamupeza ndi katswiri wa ku Japan, Kikunae Ikeda, mu 1908, pofufuza chimene chimakometsa msuzi wa ndere za m'nyanja. Chokometsacho, glutamate, chilimo mwachilengedwe mu tomato wakupsa, mu bowa, ngakhale mu mkaka wa m'mawere. Pamene akatswiri anayesa anthu osawauza chimene adya, sanapeze umboni wokhazikika wakuti muyezo wa m'chakudya umadwalitsa. Zokometsera zambiri za m'mapaketi zimene timathira m'ndiwo tsiku ndi tsiku zili naye kale. Ndiponso simukumufuna kuti ndiwo zanu zikome, pakuti adyo, jinja, anyezi ndi kambuzi zimakwanira. Choyenera kusamala nacho ndi mchere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, ndipo supuni yaikulu imodzi ya soy sauce, msuzi wa soya wokometsera ndiwo za Chitchaina, ili ndi mchere woyandikira theka la muyezo umenewu. Mukathira soy sauce, mchere wina usalowenso, ndipo ngati mulibe, mchere wamba ndi kamadzi ka mandimu zimagwira ntchito.

Chotsala ndi funso la bambo wa pakhomo, limene ndi lachilungamo: nanga msuzi uli kuti? Nsima siyenda pakhosi ndi ndiwo zouma, ndipo chakudya chamadzulo chopanda nsima ambiri sachiwerengera. Ku China ndiwo zimenezi amadyera mpunga, ndipo ndi Kilombero wa ku Karonga zimagwirizana bwino kwambiri. Koma palibe chimene chimaletsa kuzipatsa msuzi. Masamba akangofota, bwezeranimo nkhuku, muthire tomato mmodzi kapena awiri odulidwa bwino, kenako theka la kapu ya madzi amene mwasungunulamo supuni yaing'ono yodzaza ya ufa wosalala wa chinangwa kapena cornflour. Takasani mphindi imodzi mpaka msuzi uwire ndi kugwira, n'kumata pa nyama ndi masamba. Nsima iyambe yapsa ndi kuomoledwa, ivundikiridwe m'mbale, chifukwa ndiwo izi zimakoma zikangophulidwa ndipo zikakhalitsa masamba amapitiriza kupsa okha. Zotsala zilowe m'firiji asanathe maola awiri, ndipo ngati firiji mulibe, phikani zongokwanira usiku umenewo.